Zipsera za ba Mpundu

Dzuwa linali litatsamira kale kumadenga a Kamwala pamene Febby anatuluka kukaanula zovala pawaya. Ku Kabwata, m'nyumba zakale za khansolo zija zomwe munthu akatsokomola kwake mnansi amayankha kuti pepani, lilipo lamulo lomwe palibe analilemba: chovala cha mwana sichigona panja. Malaya a bambo akhoza kugona, chitenje chikhoza kugona, koma ka mwana ayi. Febby anapinda zonse m'beseni, nawerenga ndi maso, ndipo kadiresi kachikasu ka Emmy kanalibe. Unali mwezi wa Ogasiti, mphepo ikunyamula mapepala ndi fumbi ngati ili ndi ntchito kwina. Anafuna kuseri kwa chimbudzi, anafuna mungalande, mpaka mdima unamubweza m'nyumba.

M'mawa mwake kadiresiko kanabwera kokha, kopindidwa bwino, m'manja mwa ba Mpundu.

Ba Mpundu anali mkulu wa nyumba yoyandikana, Mbemba wa ku Luapula amene anakalambira mu Lusaka. Zaka makumi awiri anasonkhezera boila pafakitale ina ku Heavy Industrial Area, mpaka tsiku lomwe paipi ya nthunzi inaphulika n'kumuwaula manja onse awiri ndi khosi. Khungu lake linapola lonyezimira, lokwinyika ngati pulasitiki yoyandikira moto. Mkazi wawo anamwalira kale, ana anabalalika. Ankakhala okha, akukhoma mbaula za zitini kuseri kwa nyumba, ndipo kuyambira m'mawa mpaka madzulo mudadada wonse unkamva kho, kho, kho. Iwo anati kadiresiko anakapeza katakodwa pampanda wawo. Febby anathokoza, nakachapanso, osaganiza kanthu. Koma amake Kalenga, ogulitsa vitumbuwa pakona, anaona zonse, ndipo maso a amake Kalenga anali ndi pakamwa pawopawo.

Patapita masiku anayi, akumusambitsa Emmy m'beseni, Febby anamva tinthu tolimba pansi pa zala zake. Anamuimiritsa mwanayo pakuwala. M'munsi mwa mchombo munali matuza asanu, odzaza madzi oyera, olimba ngati nthudza. Emmy, mwana wa zaka zitatu amene sankatha kukhala chete ngakhale m'tchalitchi, ankangodzikanda n'kumati kuyabwa. Kukiliniki anati ndi katsabola, napereka mankhwala opaka. Sabata inatha. Matuza akale anaphwa, koma m'mphepete mwa chilonda chilichonse munabadwa ena atsopano, ondandalikana mozungulira, kamzere kakang'ono kotsekeka bwinobwino ngati mikanda yomwe wina waiika ndi dzanja. Anafalikira m'ntchafu, kumsana, kenaka kuzungulira pakamwa.

Apa ndi pomwe Kabwata anayamba kulankhula. Amene anakhalako m'makomboni akudziwa kuti mphekesera simayenda ndi miyendo, imayenda ndi ndowa za kumpopi. Anati katsabola salemba mizere. Anati amenewa ndi matuza a moto, nanga mwana wapsa kuti m'nyumba mopanda ngakhale magetsi theka la tsiku? Wina anakumbukira kadiresi kachikasu kamene kanagona kwa munthu wopsa. Ndipo amake Kalenga, akutembenuza vitumbuwa m'mafuta, anaponya mawu omwe anakhala ngati mwala m'chitsime: iwo anati ayang'anitsitsa khosi la ba Mpundu, ndipo zipsera zija zikuchepa.

"Asamutsa," anatero motsitsa mawu. "Vichoka kuli beve, viyenda kuli mwana."

Kuyambira tsikulo chilichonse chinapeza tanthauzo. Kadzidzi amene kwa zaka anakhala pathanki ya madzi osavutitsa munthu anasanduka wa ba Mpundu. Galu wa panyumba yachitatu anapezeka atauma pafupi ndi mpanda wawo, thovu kukamwa. Khanda la banja lina kumapeto kwa mudadada linatentha thupi Lachisanu, Lamlungu n'kuikidwa m'manda, ndipo pamaliropo anthu sanakambe za malungo. Ena analumbira kuti nyundo ija imamveka ngakhale tulo tili pakati, koma mosakhoma chitini, ikukhoma chinthu chofewa. Fungo la penti yopserera lochokera kuseri kwa nyumba yawo, lomwe aliyense analizolowera kuyambira kale, tsopano linkanunkha ngati tsitsi. Amayi anayamba kuanula zovala dzuwa lili pamutu.

Febby anali telala pamsika wa Kabwata, mkazi wa ku Chadiza wosakonda mawu ambiri. Anamva zonsezo, ndipo kunena zoona, usiku wina nayenso anatchera khutu kukhoma. Koma m'mawa anabereka mwana wake n'kukwera minibasi kupita kuchipatala chachikulu. Anakhala pabenchi mpaka masana. Dokotala wa khungu, mayi wamfupi wa magalasi, anayang'ana mizere ija nthawi yaitali, naitana anzake awiri kuti nawonso aone. Anamuuza Febby kuti akuganizira matenda osowa kwambiri, ogwira ana aang'ono, pomwe asilikali a m'thupi amasokonezeka n'kuyamba kumenya guluu lomwe limamata khungu la pamwamba ndi la pansi. Sapatsirana, anatero, ndipo mankhwala ake alipo, koma ndi amphamvu, sangaperekedwe mongoganizira. Anadula kachikopa kakang'ono ngati njere ya mpunga, natenga magazi, nati zotsatira zidzatuluka pakatha masabata atatu. Mpaka tsikulo, zilonda zikhale zoyera, zophimbidwa, ndipo pasalowe chilichonse chachilendo.

Masabata atatu ndi afupi kwa munthu amene mwana wake akugona. Kwa Febby anali ngati msewu wa ku Chipata woyenda pansi.

Mwamuna wake Abson, makaniko wa malole ku Heavy Industrial Area, anamva nkhani ya asilikali a m'thupi akuchotsa girisi m'zikhadabo ndi kamtengo ka machesi. Iye anali munthu wabwino mwa mtundu uja wosatsutsa aliyense. Tsiku lachitatu kunafika mlongo wake wamkulu, Bethany, kuchokera ku Chelstone, ndi chikwama chachikulu ndi mpango woyera wa chigwirizano cha amayi. Anati wabwera kudzathandiza, kuti Febby azipita kumsika. Madzulo omwewo anatulutsa zenizeni. Ku Katete kuli mkulu wodziwa kubweza zotumizidwa, anatero, ndipo mwanayu ndi wa mtundu wawo, sangamusiye akuwola poyembekezera pepala. Anafunsanso kuti kachikopa kamene adokotala anadula kapita kuti, ndani akukasunga.

"Mulamu," anatero Febby, "mwana uyu sayenda kulikonse. Tiyembekeza."

"Uyembekeza bokosi?"

"Niyembekeza pepala."

Bethany anaseka kukhosi, nayang'ana mlongo wake. Abson anayang'ana zikhadabo zake.

M'mawa mwake Febby anachita chinthu chomwe mudadada wonse unachiona pazenera. Anabereka Emmy, nazungulira mpanda, nalowa kwa ba Mpundu dzuwa likuswa mtengo. Anapita ndi ukali, akufuna ayang'ane khosi lija ndi maso ake. Anawapeza atakhala pachitini, akuboola mabowo a mbaula, wailesi yaing'ono ikulira nyimbo za kalindula. Zipsera zinali pomwepo, zonse, zonyezimira ndi thukuta monga zinalili tsiku lomwe iye anasamukira ku Kabwata. Mkuluyo anaika nyundo pansi, namuuza kuti akudziwa zomwe anthu akunena, ndipo kwa milungu iwiri palibe wagulako mbaula.

"Bana Emmy," anatero, akumutchula amake Emmy mwa Chibemba, "ngati ninali na mphamvu yochosa ivi, sembe ninavipasa muzungu wamene anakana kukonza paipi. Osati mwana. Leta mwana kuno nione."

Anasamba m'manja kawiri ndi sopo asanakhudze. Ataona thonje lomwe Febby anamata pazilonda anapukusa mutu. Thonje limamera mizu m'chilonda, anatero, pochotsa umachotsa ndi nyama. Mkuluyo anagona miyezi isanu ndi iwiri m'chipinda cha anthu opsa, ndipo zimene manesi ankachita pathupi lake anaziloweza ngati katekisimu. Anamuphunzitsa kuwiritsa nsalu yakale ya shiti, kuiyanika m'nyumba, kuipaka mafuta oyera a vaselini mbali yokhudza khungu, ndi kusachotsa denga la chithuza ngakhale chaphwa, chifukwa dengalo ndilo bulangeti la chilonda. Emmy, amene ankalira aliyense akamugwira, anakhala phee, akuseweretsa khungu lokwinyika la padzanja la mkuluyo. Anafunsa ngati limawawa. Ba Mpundu anati linaleka kalekale, ndipo lakenso lidzaleka.

Febby atatuluka, amake Kalenga anamufunsa mokweza ngati wapita kukaperekanso chotsala. Iye anayankha kuti mafuta awo apserera, ayang'ane poto.

Kwa masiku angapo zinthu zinaoneka ngati zikugwira. Popeza Emmy ankamasula nsalu podzikanda, Febby anasiya kumanga mfundo, n'kuyamba kusoka mabandejiwo ndi singano m'mawa uliwonse asanapite kumsika, timisoko tating'ono tothithikana monga ankasokera mipendero ya madiresi aukwati. Masana mwana ankatsala ndi Bethany. Abson sabata imeneyo ankaweruka msanga.

Kenaka mwana anasintha. Anasiya kufunsa mafunso. Thupi linayamba kutentha, ndipo m'chipinda munabwera fungo lomwe silinali la vaselini, fungo lowawasa, la utsi ndi chinthu chowola. Akamva chitseko chikutseguka ankadzipinda ngati bongololo. Bethany anati ndi zimenezo, munthu wapereka yekha mwana m'manja mwa mfiti, akudabwa chiyani. Anati matikiti a basi ya ku Katete agulidwa kale, ya Lamlungu m'mawa, ndipo abale onse agwirizana. Kunjako anyamata a pamalo ochapira magalimoto anayamba kuponya miyala padenga la ba Mpundu. Nyundo ija inaleka kulira, ndipo bata lake linaopsa anthu kuposa phokoso.

Lachisanu madzulo Febby anakhala pansi kuti asinthe nsalu, natenga lumo lake laling'ono lomasulira ulusi. Dzanja linaima. Telala amadziwa msoko wake monga mayi amadziwa kulira kwa mwana wake pakati pa ana makumi awiri. Ulusi unali woyera ngati wake, koma misoko inali yaitali, yotalikirana, yopendekera kumanzere. Wina anamasula bandeji ya kumsana n'kuisokanso. Anadula pang'onopang'ono. Pakati pa mizere ya matuza panali mphini, timabala tatifupi ta lezala, topakidwa zakuda, totupa, tikutuluka mafinya. Anamasula ya pantchafu, imene sinasokedwenso n'komwe koma kungoipana. Panalinso zina. Anawerenga zisanu ndi zinayi.

Anatsuka mabalawo ndi madzi owiritsa amchere, mwana akulumira chitenje, nawaphimba. Anagona naye atamukumbatira, nsana wake utatsamira chitseko. Kutacha, Bethany ali kubafa, Febby anatsegula chikwama chachikulu chija. Pansi pa buku la nyimbo panali kapepala kopindidwa ka ufa wakuda, lezala yothyoledwa pakati, ndi singano yomwe ulusi woyera unali ukadali pamphuno. Anazikulunga mumpango, naziika pachifuwa. Anayamba kulongedza tizovala ta Emmy kuti abwerere kuchipatala, osayembekezeranso Lachiwiri, tsiku la zotsatira.

Asanamalize anamva phokoso panja. Mbiri ya kutentha thupi kwa mwana inali itafika kumpopi, ndipo kumpopi inasanduka yakuti mwana akutsirizika. Anthu anali atadzaza pampanda wa ba Mpundu, amayi ndi ndowa zawo, anyamata ndi miyala, wina atanyamula chigubu cha petulo chomwe ankachigwedeza kuti chimveke. Mkuluyo anali ataima pakhomo pake, atavala jekete yake ya kutchalitchi, manja opsawo ali lende. Bethany, mpango woyera kumutu, ankauza anthu kuti ngati munthuyu sabweza zimene anatenga lero, mawa kudzakhala maliro. Abson anaima kumbuyo kwa onse.

Febby anadutsa pakati pawo ndi mwana kumsana. Palibe anamuletsa, poganiza kuti akupita kukamulavulira. Atafika pakhomo anamasula chitenje, natenga Emmy n'kumuika m'manja mwa ba Mpundu. Khamu linapuma mpweya umodzi. Febby anatembenuka, nakweza kadiresi ka mwanayo, namasula nsalu ya kumsana kuti onse aone.

"Onani bwino, imwe ba maso akuthwa. Ba Mpundu sanalowepo m'nyumba mwanga. Izi mphini anatema ndani?"

Anamasula mpango uja, nataya pansi kapepala, lezala ndi singano. Anati zinthuzi wazipeza pansi pa buku la nyimbo za Mulungu, ndipo mwini chikwama akudzidziwa. Ananenanso kuti matuza ndi matenda, ali ndi dzina kuchipatala, koma chimene chikutentha mwana wake lero ndi dothi lomwe munthu walowetsa m'magazi ndi dzanja lake, kenaka n'kusoka pamwamba ngati thumba la makala. Amake Kalenga anayandikira, nawerama, nayang'ana msana wa mwanayo, nabwerera m'mbuyo atagwira pakamwa. Mnyamata wa chigubu anachiika pansi n'kuchikankhira kuseri kwa mwendo.

Bethany anayamba ndi kukana, kenaka analira, kenaka anakwiya. Anati inde, anatema, ndipo angatemenso, chifukwa mwana wosatsekedwa ali ngati nyumba yopanda chitseko, ndipo mankhwalawo anachita kuwaitanitsa kuchokera kumudzi pabasi. Anati iye ndiye amamukonda mwanayu kuposa mayi wouma mutu amene amakhulupirira mapepala. Febby anamufunsa ngati chikondi chake chinafunika kutema kasanu ndi kanayi.

Bethany analeka kulira. Nkhope yake inasintha, ndipo onse anaona kuti tsopano sakunama.

"Katatu," anatero. "Ine ninatema katatu chabe, pamusana. Mwamene ananiuzila. Ku mendo sininagwileko."

Mphepo inanyamula kapepala kaja n'kukagudubuza mpaka kungalande. Anthu anayamba kuyang'anana, aliyense akukumbukira amene analowapo m'nyumba ya Febby sabata imeneyo, amene anabweretsa phala, amene anabwera kudzapemphera. Ba Mpundu anamasula pang'ono nsalu ya pantchafu, nayandikitsa mphuno. Ananunkhizanso kumsana. Munthu amene wakhala moyo wake wonse pakati pa makina salakwitsa fungo. Anati zakumsana ndi makala ndi mizu, koma zapantchafu wina anasakaniza ufawo ndi oyilo wakuda, wotsalira mu injini.

Palibe anatembenuka, koma aliyense anadziwa amene waima kumbuyo. Bethany anayang'ana mlongo wake kamodzi kokha, nakankha anthu, nalowa m'nyumba, natuluka ndi chikwama chake chosatseka, nalunjika kumsewu mpango uli m'manja.

Abson anabwera kutsogolo pang'onopang'ono. Anati anthu abalalike, izi ndi za m'banja, akakambirana m'nyumba. Mawu ake anali ofatsa monga mwa masiku onse. Anatambasula manja kuti alandire mwana wake kwa mkuluyo.

Emmy anali chete nthawi yonseyi, mutu utatsamira jekete ya ba Mpundu. Ataona manja a atate ake akubwera, anatulutsa kulira komwe Kabwata sanakumvepo, kopanda misozi, kochokera m'mimba. Anakwera pachifuwa cha mkuluyo ngati mphaka wothawa galu, nakumbatira khosi la zipsera lija ndi manja onse awiri, nabisa nkhope m'menemo.

Febby anatembenukira mwamuna wake. Abson anatsegula pakamwa, nati anangofuna kuonjezera mphamvu, poona kuti zitatu zija sizikugwira, ndipo anzake kugalaja anamuuza kuti oyilo amaumitsa chilonda.

"Atate Emmy," anatero Febby, "matikiti yanu yali pa tebulo. Yendani ku Katete na mulongo wanu, bakakutemeni imwe. Ise tiyenda ku chipatala. Ngati kulibe bedi tizagona pa benchi mpaka pepala ichoke. Wamene afuna uyu mwana ayambe wapita pali ine."

Anayesa kumutenga Emmy kuti amubereke, koma mwanayo anakana kusiya khosi lija. Ba Mpundu anafunsa ndi maso, Febby anagwedeza mutu movomera. Mkuluyo anakoka chitseko chake osachikiya, nayamba kuyenda, mwana ali pachifuwa, Febby pambali pake ndi kathumba ka zovala. Khamu linang'ambika pakati kuwapatsa njira, anthu akubisa miyala kumbuyo, ena akuigwetsa mwakachetechete m'fumbi. Anadutsa pakona ya vitumbuwa, nadutsa pampopi, nafika pamsewu pomwe kondakitala wa minibasi anawatsegulira mpando wakutsogolo.

Pabwalo paja panatsala Abson yekha, manja ake akadali otambasula, akuda m'zikhadabo.